Mmene mungafufuzire mabakiteriya osintha amoniya pomanga kanyanja ka m'botolo mu labotale

Madzi ochuluka amene anthu a mu Harare amamwa amachokera ku nyanja ya Chivero, imene inapangidwa potchinga mtsinje wa Manyame m'chaka cha 1952, ndipo nyanja yomweyo ndiyo imalandira madzi a mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, imene imadutsa m'kati mwa mzinda n'kutsika nazo zonyansa zake. Mwa zonyansazo muli amoniya, wochokera ku mkodzo, ku chimbudzi, ku fetereza wokokoloka m'minda ya m'madambo ndi ku chilichonse chowola. Amoniya akachuluka amapha nsomba, ndipo pamene nsomba zinafa zambirimbiri ku Chivero mu 1996, ofufuza anatchula amoniya ndi kuchepa kwa mpweya wa okosijeni pakati pa zimene zinachititsa. Chimene chimachotsa amoniya m'madzi, kaya ndi m'nyanja, m'dziwe la nsomba kapena kumalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi monga ku Firle ndi ku Crowborough, makamaka ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamusandutsa nitrite, kenako nitrate.

Malangizo ano ndi a ophunzira sayansi ya zamoyo ndi ya madzi, aphunzitsi a kusekondale ndi alimi oweta nsomba m'mathanki, makamaka anzathu olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku amene nkhaniyi amangoipeza m'Chingerezi. Ntchito yake ndi yomanga kanyanja kakang'ono m'botolo, kokhala ndi madzi, timiyala, matope pang'ono ndi mpweya, kuti tione zimene zimachitika m'nyanja yeniyeni pamalo amene tingathe kuyeza chilichonse. Muyambe mukudziwa kuti mabakiteriyawa simudzawaona ndi maso anu, ndipo ngakhale pa maikulosikopu wamba simungawasiyanitse ndi anzawo. Umboni wakuti alipo uli m'manambala a nayitrojeni, chinthu chimene chili mu amoniya, mu nitrite ndi mu nitrate momwe, ndipo manambalawo amalankhula zoona pokhapokha ngati pambali pa botolo lamoyo pali mabotolo ena oyerekezera nawo.

Ntchito imene mabakiteriyawa amagwira

Kusintha kwa amoniya kumachitika m'magawo awiri. Gulu loyamba, limene muli Nitrosomonas ndi Nitrosospira, limatenga amoniya ndi okosijeni n'kutulutsa nitrite, pamene gulu lachiwiri, la Nitrobacter ndi Nitrospira, limatenga nitrite ija n'kuisandutsa nitrate. Zili ngati kuchigayo kumene makina ena amakonola ndipo ena amagaya: okonola akayamba msanga koma ogaya n'kuchedwa, mphale imaunjikana pakati. Nitrite imaunjikana m'madzi mwa njira yomweyo, ndipo kuunjikana kwake ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene mudzazidikire.

Mabakiteriyawa sadya shuga kapena zowola ngati mabakiteriya ambiri. Mphamvu amaipeza pa kusintha komweku, ndipo matupi awo amawamanga ndi kaboni wa mumpweya wosungunuka m'madzi. Mphamvu yopezeka mwa njira imeneyi ndi yochepa kwambiri, n'chifukwa chake amachedwa kuswana: pamene bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa Escherichia coli angagawikane pa mphindi 20 zokha, awa amatenga theka la tsiku, tsiku lathunthu kapena kupitirira apo. Amakondanso kumatirira pa miyala, pa mchenga ndi pa makoma a chotengera m'malo moyandama m'madzi.

Amene anaonetsa koyamba kuti ntchitoyi ndi ya zamoyo anali Schloesing ndi Müntz a ku France mu 1877. Iwo ankathira madzi a m'zimbudzi m'chubu chachitali chodzaza mchenga ndi choko, ndipo patapita pafupifupi masiku 20 madzi otuluka pansi anayamba kukhala ndi nitrate. Atalowetsa nthunzi ya chloroform m'chubumo, nitrate inasiya kupangidwa. Chimene chinatsimikizira nkhani yonse ndi chubu chophedwacho, ndipo njira imene tikutsata pano ndi yomweyo. Sergei Winogradsky anadzapatula mabakiteriya enieniwo mu 1890 ali ku Zurich. Mu 2005 kunapezeka kuti tizilombo ta gulu lina lotchedwa archaea timachitanso gawo loyamba lija, ndipo koyamba kupatulidwa, Nitrosopumilus maritimus, kanachokera m'thanki ya nsomba ya ku Seattle Aquarium. Mu 2015 ofufuza anaonetsanso kuti mitundu ina ya Nitrospira imatha magawo onse awiri yokha. Chotero wophunzira amene amalemba m'lipoti kuti m'botolo lake munali Nitrosomonas ndi Nitrobacter, chonsecho sanayeze DNA, wangokopera buku lakale, sanapeze kanthu.

Choyamba: konzani mabotolo monga mwa funso lanu

Pezani mabotolo 12 ofanana, agalasi kapena apulasitiki yoyera, okhoza kulowa malita 5 lililonse, ndipo akakhala a kukamwa kwakukulu ndi bwino kwambiri chifukwa madzi amakumana ndi mpweya pamalo aakulu. Atsukeni ndi madzi otentha popanda sopo wonunkhira kapena mankhwala ophera tizilombo, muwatsukuluze ndi madzi otchezedwa a mu labotale, ndipo botolo limene linakhalamo mankhwala a mbewu kapena mafuta musaliyese n'komwe.

Mabotolowa muwagawe m'magulu anayi, gulu lililonse mabotolo atatu. Gulu A lidzakhala ndi mbewu yamoyo ya mabakiteriya, kutanthauza timiyala ndi matope okhala ndi mabakiteriyawa, pamodzi ndi amoniya, ndipo ndilo kanyanja kenikeni. Gulu B lidzakhala ndi zonse zomwezo koma zitaphedwa ndi moto. Gulu C lidzakhala ndi mbewu yamoyo, amoniya ndi mankhwala a allylthiourea, amene amatseka enzyme, chinthu cha m'thupi mwa mabakiteriyawa choyambitsa kusintha amoniya, koma osapha zamoyo zina. Gulu D lidzakhala ndi mbewu yamoyo popanda kuthiramo amoniya.

Ambiri amaona ngati magulu atatu omalizawa ndi otaya nthawi, koma amoniya ali ndi njira zambiri zochokera m'madzi zimene sizikhudza mabakiteriya athuwa. Madzi akakhala ndi pH yokwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, ndipo imatsika asidi akachuluka) ndipo mukuwapopera mpweya, amoniya wina amauluka. Wina amamatirira ku dongo la m'matope, ndipo wina amadyedwa ndi ndere ndi mabakiteriya wamba. Gulu B limakuonetsani amoniya wotayika popanda chamoyo chilichonse, gulu C limaonetsa wodyedwa ndi zamoyo zina, pamene gulu D limaonetsa zosiyana ndi zimenezi, ndiko kuti amoniya amene matope eni ake amatulutsa akamawola. Mabotolo atatu pa gulu lililonse ndi ochepetsetsa amene mungavomereze, popeza botolo limodzi likachita zachilendo simungadziwe ngati ndi chilengedwe kapena ndi chubu cha mpweya chimene chinapindika usiku.

Chachiwiri: madzi ndi mbewu

Pa madzi pali njira ziwiri. Mungatunge madzi a mtsinje kapena nyanja imene mukuiphunzira n'kuwasefa ndi nsalu yothina, kapena mungagwiritse ntchito madzi a pamjigo ngati funso lanu ndi la mabakiteriya okha osati la nyanja inayake. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndiye ngati palibe ena, muwathire sodium thiosulfate kapena mankhwala ochotsa klorini ogulitsidwa m'masitolo a nsomba zoweta, koma mupewe mtundu umene umamanganso amoniya chifukwa udzasokoneza muyeso wanu. Madzi alionse amene mwasankha muwayeze musanathiremo kanthu, pakuti madzi a mijigo ya m'malo okhala anthu ambiri nthawi zina amakhala kale ndi nitrate yochokera ku zimbudzi zokumba ndi mapaipi ophulika.

Mbewu yabwino ndi timiyala ta m'mphepete mwa madzi oyenda, tija timaterera m'manja chifukwa cha kansalu kabulauni kokuta pamwamba pake, pamodzi ndi matope a pamwamba penipeni osapitirira sentimita imodzi kuya kwake. Mukakumba pansi mudzapeza matope akuda bii onunkha ngati dzira lowola, ndipo amenewo asiyeni chifukwa mulibe okosijeni, komanso sulphide amene akununkhayo amalepheretsa mabakiteriya amene mukuwafuna. Siponji ya m'sefa ya thanki ya nsomba imene yakhala ikugwira ntchito kwa miyezi ingapo ndi mbewu yofulumira kwambiri, ngakhale kuti siikuuzani kanthu za Mukuvisi kapena Chivero. Mbali ina ya gombe la Chivero ili m'manja mwa ZimParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungira nyama zakutchire, choncho pemphani chilolezo musanakatenge kanthu kumeneko.

Valani magolovesi ndi nsapato zajombo, ndipo musagwire kukamwa mpaka mutasamba m'manja ndi sopo. Mzinda uno unaona kolera mu 2008 ndiponso mu 2018, pamene madera a Glen View ndi Budiriro anakhudzidwa kwambiri, ndipo madzi a mitsinje yodutsa m'tauni muziwatenga ngati madzi a m'chimbudzi. Mbewuyo muinyamule ili yonyowa, m'chidebe chosadzaza kuti mukhale mpweya, mopanda kuwombedwa ndi dzuwa, ndipo muigwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Mukafika, sakanizani timiyala tonse ndi matope m'beseni limodzi kuti botolo lililonse lilandire zofanana, kenako muyeze pasikelo mlingo umodzimodzi, mwachitsanzo magalamu 300 a timiyala ndi magalamu 20 a matope pa botolo. Matope asachuluke, chifukwa akachuluka amadya okosijeni ndipo pansi pake pamayamba ntchito ina yosandutsa nitrate kukhala mpweya wa nayitrojeni. Gawo la gulu B, madzi ake ndi timiyala take, muliike mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 121 kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo kumene kulibe makinawa poto wa pulesha amagwira ntchito yomweyo. Lizizire musanalithire m'mabotolo. Pomaliza thirani malita 4 a madzi m'botolo lililonse ndipo mulembe mzere ndi cholembera chosafufutika pamene madzi alekezera.

Chachitatu: amoniya ndi soda

Sungunulani magalamu 3.819 a ammonium chloride wouma m'madzi otchezedwa mpaka akwane lita imodzi. Msanganizo umenewu uli ndi miligalamu imodzi ya nayitrojeni pa mililita iliyonse, choncho mukathira mamililita 20 m'botolo la malita 4 mumapeza mamiligalamu 5 a nayitrojeni pa lita. Thirani mlingo umenewu m'magulu A, B ndi C. Fetereza wa ammonium nitrate, amene amapezeka paliponse nyengo ya dzinja, sayenera pa ntchitoyi chifukwa theka la nayitrojeni yake ndi nitrate kale, chinthu chomwe mukufuna kuona chikubadwa.

Pali chiyeso chofuna kuthira amoniya wambiri kuti zinthu zifulumire, koma zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi zimenezo. Amoniya m'madzi amakhala m'maonekedwe awiri, ammonium wosavulaza kwambiri ndi amoniya womasuka amene ndi poizoni, ndipo pH ndi kutentha ndizo zimagawa. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7 womasukayo sakwana 1 peresenti, pa pH 8 amapitirira pang'ono 5 peresenti, ndipo pa pH 9 amaposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Anthonisen ndi anzake anaonetsa mu 1976 kuti mabakiteriya a gawo lachiwiri amayamba kufooka amoniya womasuka akangofika pakati pa 0.1 ndi 1.0 miligalamu pa lita, pamene a gawo loyamba amapirira mlingo wokwera kwambiri kuposa pamenepo. Mukachulutsa amoniya, nitrite idzaunjikana kwa milungu yambiri osatsika.

Kusintha amoniya kumatulutsa asidi. Miligalamu imodzi iliyonse ya nayitrojeni imadya mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi yofanana ndi mamiligalamu 7.14 a calcium carbonate, ndipo mphamvuyo ikatha pH imagwa mwadzidzidzi. Mabakiteriyawa amagwira bwino ntchito pH ili pakati pa 7.5 ndi 8, ndipo ikatsika pansi pa 6.5 amafooka kwambiri. Mankhwala ake ndi soda wophikira wamba, sodium bicarbonate, pa mlingo wa mamiligalamu 12 pa miligalamu iliyonse ya nayitrojeni, kutanthauza mamiligalamu 240 pa botolo la malita 4. Thirani mlingo womwewo m'mabotolo onse 12, ngakhale a gulu D, kuti asasiyane pa china chilichonse kupatula chimene mwasankha. Mu gulu C onjezani mamiligalamu 40 a allylthiourea pa botolo, amene ndi mamiligalamu 10 pa lita. Mankhwalawa amatha mphamvu pakapita nthawi chifukwa tizilombo tina timawaphwanya, ndiye muziwonjezera mlungu uliwonse, ndipo muzikumbukira kuti archaea sagonja msanga kwa iwo ngati mmene amagonjera mabakiteriya.

Chachinayi: mpweya, kutentha ndi mdima

Apa ndi pamene kafukufuku wochitikira mu Harare amasiyana ndi wa m'mabuku olembedwa m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kuti miligalamu imodzi ya nayitrojeni ichoke pa amoniya kufika pa nitrate pamafunika mamiligalamu 4.57 a okosijeni, ndiye mlingo wathu wa mamiligalamu 5 ukufuna pafupifupi mamiligalamu 23 pa lita. Madzi a madigiri 25 kumalo otsika amasunga okosijeni wopitirira pang'ono mamiligalamu 8 pa lita, koma Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo madzi omwewo amangosunga pafupifupi mamiligalamu 7. Okosijeni yense wa m'botolo lodzaza bwino amangokwanira kusintha miligalamu imodzi ndi theka ya nayitrojeni pa lita, ndipo pamenepo sitinawerengere amene matope akudya. Mita yoyezera okosijeni muikonze molingana ndi kukwera kwa malo kumeneku musanakhulupirire zimene ikuonetsa.

Chotero botolo lililonse lilandire chubu chake cha mpweya chochokera ku pampu ya thanki ya nsomba, chokhala ndi kamwala kotulutsa thovu kumapeto ndi kavalavu kochepetsera. Thovulo likhale lofanana m'mabotolo onse, lokwanira kugwedeza pamwamba pa madzi koma losavundula matope, ndipo okosijeni asatsike pansi pa mamiligalamu 4 pa lita. Pa machubu a gulu B tsekerani kathonje kapena kasefa kuti mpweya usalowetse tizilombo. Magetsi akazima kwa maola ambiri ntchito ya m'mabotolo imaima, ndipo pagalafu panu padzaoneka malo athyathyathya amene mungawamasulire molakwika. Njira yake ndi kulumikiza pampu ku batire ndi invata kapena kukhala ndi kapampu koyendera mabatire, ndipo ngati zonsezi palibe, lembani m'kope ola limene magetsi azima ndi limene ayaka.

Kutentha koyenera ndi pakati pa madigiri 25 ndi 30. M'miyezi ya June ndi July usiku wa mu Harare umazizira kwambiri moti madzi osiyidwa pa tebulo la mu labotale angatsike kufika pamene mabakiteriyawa amagwira ntchito mwaulesi, pamene mu October chipinda chofolera malata chimatentha masana n'kuzizira m'mamawa. Imikani mabotolo onse m'bafa limodzi kapena m'thanki yaikulu ya madzi yokhala ndi hita imodzi ya nsomba yoikidwa pa madigiri 26, ndipo muziwasinthanitsa malo masiku angapo alionse kuti pasakhale lina lokhalira pafupi ndi hita.

Kuwala kumafooketsa mabakiteriyawa ndipo kumameretsa ndere, zimene zimalanda amoniya n'kukweza pH masana. Kutani mabotolo ndi pepala la aluminiyamu kapena pulasitiki yakuda, ndipo pakamwa muvundikire mosathina. Madzi akatsika pansi pa mzere uja chifukwa cha nthunzi, bwezerani ndi madzi otchezedwa musanatenge oyeza, apo ayi mchere wonse udzaoneka ngati ukuchuluka.

Chachisanu: kuyeza

Muyeso woyamba utengedwe patangopita ola limodzi mutathira amoniya, chifukwa nambala imeneyo ndiyo poyambira, osati imene munawerengera papepala. Kuchokera pamenepo muziyeza masiku awiri alionse, pa ola limodzimodzi, ndipo nitrite ikangoyamba kuoneka muziyeza tsiku ndi tsiku. Tengani mamililita 20 pakatikati pa madzi ndi sirinji, gulu lililonse ndi sirinji yakeyake, muwasefe ndi kasefa ka mamaikolomita 0.45. Madzi onse amene mudzachotse m'botolo pa nthawi yonse ya kafukufuku asapose gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo mukachotsa muzitsitsa mzere uja moyenerera. Pa ulendo uliwonse lembaninso pH, kutentha ndi okosijeni.

Nitrite ndiyo yosavuta kuyeza ndiponso yosachedwa kusintha, choncho iyezeni tsiku lomwelo. Njira yake ndi ya Griess, ya m'chaka cha 1879: mumathira sulfanilamide wosungunulidwa mu asidi, kenako mankhwala otchedwa NED, n'kudikira mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono. Masiku oyamba madzi amangokhala mbee ngati simunathiremo kanthu. Tsiku lina mudzaona kamtundu kofiirira kotuwa, kooneka pokhapokha mutaika pepala loyera kuseri kwa chubu, ndipo patapita masiku ochepa madzi omwewo adzasanduka pinki wakuda atangolandira dontho. Pa spectrophotometer, makina oyeza kuda kwa mtundu pogwiritsa ntchito kuwala, mtunduwo umawerengedwa pa 543 nm (nm ndi muyeso wa utali wa mafunde a kuwala). Ukada kwambiri makinawo sawerenganso zoona, ndiye sungunulani madzi oyezedwawo kakhumi kapena kupitirira ndi madzi otchezedwa n'kuchulukitsa yankho. Miyeso yoyerekezera muikonze ndi sodium nitrite, magalamu 4.926 pa lita kuti mupeze miligalamu imodzi ya nayitrojeni pa mililita, n'kusungunula mpaka mupeze milingo ingapo pakati pa 0 ndi 0.5 miligalamu pa lita.

Amoniya amayezedwa ndi njira ya phenate kapena ya salicylate, zimene zimapereka mtundu wabuluu kapena wobiriwira, ndipo ya phenate imawerengedwa pa 640 nm. Mankhwala a Nessler akadali m'makabati a masukulu ambiri ndipo amagwira ntchito, koma ali ndi mercury. Nitrate ndiyo imavuta. Njira yodziwika ndi yoisandutsa nitrite pogwiritsa ntchito cadmium kenako n'kuyeza ndi Griess, kutanthauza kuti yankho lake ndi nitrite ndi nitrate pamodzi, ndipo muyenera kuchotsapo nitrite imene munayeza payokha.

Amene alibe spectrophotometer angagwiritse ntchito timabotolo ta madontho toyezera madzi a nsomba zoweta, ndipo m'maganizo mwanga ndi tokwanira pa ntchito ya kusekondale kapena ya mlimi, malinga muvomereze kuti timaonetsa kukwera ndi kutsika osati nambala yeniyeni. Msampha wake uli pa kawerengedwe. Zoyezera zambiri zamtunduwu zimapereka kulemera kwa nitrite kapena nitrate yonse, osati kwa nayitrojeni yokha. Kuti mubwerere ku nayitrojeni gawani nambala ya ammonium ndi 1.29, ya nitrite ndi 3.29, ndipo ya nitrate ndi 4.43. Mukapanda kutero, mamiligalamu 5 amene munathira adzaoneka ngati abereka mamiligalamu 22 a nitrate, ndipo mudzayamba kufunafuna gwero la nayitrojeni limene kulibe.

Chachisanu ndi chimodzi: kumasulira zimene mwapeza

Jambulani galafu imodzi pa gulu lililonse, masiku m'munsi ndi mamiligalamu a nayitrojeni pa lita m'mbali, yokhala ndi mizere inayi: amoniya, nitrite, nitrate, ndi zitatuzi zitaphatikizidwa. Mu gulu A mudzaona kaye masiku angapo opanda chochitika, nthawi zina mlungu wathunthu kapena iwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima n'kukhuthula mabotolo kapena kuwonjezera mbewu. Musakhudze kanthu. Mabakiteriya akuswana, kungoti akadali ochepa moti ntchito yawo siikuoneka pa muyeso. Kenako amoniya amayamba kutsika, poyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira, nitrite imakwera n'kufika pachimake, ndipo ikamatsika nitrate imakwera. Ndi mbewu ya mumtsinje ulendo wonsewu kawirikawiri umatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, pamene ndi siponji ya m'sefa yakale ungathe m'masiku ochepa, nthawi zina nitrite osaunjikana n'komwe chifukwa magulu onse awiri analipo kale okwanira.

Mzere wachinayi uja ndiwo woweruza. Ngati amoniya akungosanduka nitrite ndi nitrate, chiphatikizo chimakhala pafupifupi pamodzimodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Chikamatsika mu gulu A lokha, nitrate ikutayika pansi pa matope pamene palibe okosijeni, kapena ndere zamera penapake pamene kuwala kukulowa. Chikamatsika mu A ndi mu B momwe, yang'anani pH, pakuti amoniya akuuluka kapena akumatirira ku dongo. Chikamakwera, matope akuwola n'kutulutsa amoniya wawo, ndipo gulu D lidzakuuzani kuchuluka kwake. Musadabwe kuona amoniya wa gulu B ali wokwererapo pa tsiku loyamba, chifukwa moto umaphulitsa tizilombo ta m'matope n'kumasula nayitrojeni ya m'matupi mwawo. Nitrite ikadzaoneka mu gulu B kumapeto kwa mwezi, ndiye kuti mbewu inalowamo kudzera m'sirinji kapena m'madontho othovoka kuchokera ku botolo loyandikana, ndipo zimenezo zilembedwe m'lipoti mmene zilili.

Amoniya akaima panjira osatsikanso, yambani mwayeza pH musanaganize china chilichonse, chifukwa nthawi zambiri soda ndiye watha. Ngati pH ili bwino ndipo okosijeni alipo, ganizirani za phosphate, amene amasowa m'madzi oyera kwambiri, ndipo kachidutswa kochepa ka potassium phosphate kothiridwa m'mabotolo onse mofanana kamadzutsa ntchito.

Pamene amoniya ndi nitrite zafika pa ziro m'mabotolo a gulu A, muli ndi kanyanja kokhwima, ndipo mafunso enieni amayambira pamenepa. Thiraninso mamililita 20 a amoniya ndi soda wake, ndipo ulendo uno muziyeza maola awiri kapena atatu alionse kwa tsiku limodzi. Gawo lowongoka la mzere wotsikawo limakupatsani liwiro la ntchito, m'mamiligalamu a nayitrojeni pa lita pa ola. Pofuna kuyeza gawo loyamba palokha, thirani sodium chlorate wa mlingo wa 10 mM (mamilimolo 10 pa lita), amene amatseka kusintha kwa nitrite, monga anachitira Belser ndi Mays mu 1980, ndipo kukwera kwa nitrite kudzakhala muyeso wachindunji wa gulu loyamba. Mukakhala ndi liwiro limeneli mungayerekeze madzi a madigiri 15 ndi a madigiri 25 kuti muone chimene chisanu cha July chimachita ku dziwe la nsomba, kapena timiyala ta kumtunda kwa Mukuvisi ndi ta kumunsi kwa mzinda, kapena mizu ya namasupuni ndi matope a pansi pake. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mabotolo atatu pa gulu asachepe.

Ofuna kudziwa kuchuluka kwa mabakiteriyawo angatsate njira ya MPN, yosungunula matope kakhumikakhumi m'machubu a madzi a mchere wa ammonium opanda chakudya china, kuwasunga mumdima kwa milungu inayi kapena kupitirira, kenako n'kuyeza chubu chilichonse ngati muli nitrite kapena nitrate. Njirayi imapereka nambala yochepa kuposa yeniyeni chifukwa mitundu yambiri siimera m'machubu. Mayina a mitundu amadziwika ndi DNA, pofufuza jini ya amoA pa gawo loyamba ndi ya nxrB pa gawo lachiwiri ndi makina a PCR ochulukitsa tizidutswa ta DNA, ntchito yofunika labotale yaikulu ngati za kuyunivesite. Ngakhale mulibe mwayi umenewo tsopano, palani kansalu ka pa timiyala tingapo kumayambiriro ndi kumapeto, muike m'timachubu tolembedwa bwino n'kusunga mufiriji youmitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro.

Pomaliza ntchito, madzi ndi matope a m'mabotolo muwaphe ndi autoclave kapena ndi jiki musanawataye, popeza anachokera m'mitsinje yonyamula matenda. Zotsalira za Nessler ndi za cadmium zisathiridwe m'sinki, koma zisonkhanitsidwe m'botolo lolembedwa dzina la mankhwalawo ndi tsiku, n'kuperekedwa kwa woyang'anira labotale kuti zitayidwe pamodzi ndi zinyalala zina za poizoni.